Mvula ya Loweruka

1

Dzina langa ndine Iness, wa ku Domasi kwa Malemia. Sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo ndege ndimangoiona m'mwamba ngati wina aliyense. Koma ine yemweyu ndinakanganitsapo mayiko asanu ndi anayi. Amuna a masuti ankamenya matebulo ku Harare, ine ndili phee pakhonde panga ndikusankha nyemba.

Musafulumire kundiweruza. Yambani mwawadziwa amuna anga.

A Lackson, bambo a Eliza, ndi munthu wabwino. Samwa, samenya, kutchalitchi amafika belu lisanalire. Vuto lawo ndi limodzi: anakwatira mvula, ine ndine mkazi wachiwiri.

Ntchito yawo ndi yoyeza mvula. Kuseri kwa nyumba imene ofesi yawo ya ku Zomba inatipatsa kuli kampanda ka waya, ndipo m'kati mwake muli chitini chamkuwa chimene iwo amachitcha geji. Tsiku lililonse 8 koloko m'mawa amatsegula loko, nakhuthulira madzi a m'gejimo m'galasi la manambala, n'kulemba m'buku. Zaka khumi ndi zinayi sanadumphepo tsiku. Tsiku limene ndinkabereka Eliza anandisiya pakhomo la chipatala, n'kupalasa njinga kubwerera kukalemba ziro.

Panalinso lamulo lina, ndipo muligwire bwino. Mvula ikapitirira mamilimita 25, woyeza amayenera kutsikira kumtsinje, pamene pali thabwa la manambala lozikidwa m'madzi, n'kukhala pomwepo mpaka dzuwa kulowa, akulemba ola lililonse mmene madzi akukwerera. Ankati n'kuchenjeza anthu a kumunsi, a kufupi ndi Chilwa. Buku la mtsinje linali lachiwiri, lachikuto chobiriwira.

"Amayi a Eliza," ankatero akupukuta galasi lawo ndi mpango woyera kuposa malaya anga a ukwati, "munthu amanama. Buku silinama."

Ine ndinkangoti, "Ndamva."

2

Nkhani ya Songani ndinaimvera kuchigayo, monga mmene nkhani zonse zabwino zimamvekera.

Loweruka lililonse a Lackson akalemba mvula yawo ankavala malaya oyera, n'kupaka mafuta m'tsitsi, n'kunena kuti akukagula mabatire a tochi. Mabatire sabata iliyonse! Tochiyo inkadya kuposa ana. Ankabwera madzulo akuimba likhweru.

"Mayi a Eliza, mwamuna wanu ndi wa tiyi masiku ano," anatero mayi wina akupeta chimanga. "Kapu imodzi maola atatu, kwa Saida."

Saida anali mayi wamasiye wa tiyirumu ina ku Songani. Ndinapita kukamuona ndekha, ngati wogula mandasi. Mayi wosalala, wa mpango wa maluwa, mano oyera ngati mpunga. Pashelefu panali wailesi yaikulu. Pakona, kumbuyo kwa thumba la shuga, ndinaona chipewa chimene ndinachigula ine ndemwe ku Zomba, ndipo pansi pa chipewacho panali amuna anga, manja ali m'mwamba akufotokoza chinachake. Saida anali atagwira tsaya akuwayang'ana.

Sindinalowe. Ine si mkazi wong'amba chitenje pamsika kuti anthu apeze zokamba. Ndinagula mandasi pawindo, ndinadya, anali okoma, ndipo zimenezo zinandipsetsanso mtima.

Madzulo ndinafunsa mwaulemu.

"Mabatire mwawapeza?"

"Ndawapeza."

"Anali otentha? Ndi mkaka?"

Anatsokomola. "Iness, munthu sangamwe tiyi?"

"Pano palibe tiyi?"

"Alipo, koma..." Anayang'ana kumwamba. "Taonani mitambo iyo. Mawa kugwa."

Nkhani inathera pamitambo, monga nkhani zathu zonse.

3

Kuyambira dzinja la 1985, mvula ya ku Domasi inayamba khalidwe lachilendo. Inayamba kukonda Loweruka.

Ikangowaza pang'ono Lachisanu, yongonyowetsa fumbi, m'mawa mwake a Lackson ankatuluka m'kampanda kaja maso ali tong'o.

"Sate wanu! Amayi a Eliza, mamilimita 31! Inu munaimva?"

"Ine ndimagona ngati mwala, bambo."

"Koma pansi sipakuoneka choncho."

"Nthaka ya kuno ndi ya ludzu. Komanso si inu mumati buku silinama?"

Ankaima kaye, akuyang'ana malaya oyera amene ndinali nditawasitira kale ndi manja angawa. Kenako ankausa moyo, n'kuvala jombo, n'kutenga buku lobiriwira ndi kampando, ulendo kumtsinje. Ine ndinkawapititsira mbatata ndi tiyi masana. Ndinkawapeza atakhala okha pansi pa mtengo wa mkuyu, akuyang'ana thabwa, udzudzu ukuwachita phwando.

"Madzi akukwera?"

"Ayi. Ali pomwe anali."

"Limbikirani, bambo. Anthu a kumunsi akudalira inu."

Tsiku lina anabwera kukhitchini akuthamanga, atanyamula kanthu pachala.

"Taonani chimene ndapeza m'geji! Tsamba la tiyi!"

Ndinaika kapu yanga pansi msangamsanga. "Lalowamo bwanji?"

"Mphepo! Yalinyamula kuchokera ku minda ya ku Mulanje. Mukuona mphamvu ya mwera?" Ndipo analemba m'buku, m'danga la ndemanga: tsamba la tiyi, limodzi.

Madzinja atatu anapita choncho. Chimanga m'minda chinkafota mu Febuluwale, zitsime zinkaphwa msanga, anthu akudandaula kuti mvula yachepa. Koma m'buku la a Lackson Domasi anali ngati Nkhata Bay. Mabatire a tochi anayamba kukhalitsa.

4

Mu Ogasiti 1988 kunabwera Land Rover. Anatsikamo a Makaiko, bwana wa a Lackson, munthu wamfupi wa mimba yotsogola amene amalankhula ngati akuwerenga nkhani pawailesi.

Ndinawayalira mpando, ndinagwada n'kuwapatsa moni, kenako ndinakhala pafupi ndi chitseko pamene makutu amagwira bwino ntchito.

"Lackson, dziko likutentha," anatero a Makaiko.

"Inde bwana, Okutobala wayandikira."

"Sindikunena Domasi, ndikunena dziko lonse lapansi! Akatswiri apeza kuti utsi wa mafakitale ndi magalimoto a mayiko olemera waunjikana kumwamba ngati bulangete. Nyengo ikusintha. Amene sitinasute utsiwo ndife tikutsokomola."

Anafotokoza kuti mayiko akufuna kukhala pansi ku Ulaya kuti agwirizane chochita. Koma mayiko athu a kuno kummwera, asanu ndi anayi, anapangana kuti ayambe akumana okha ku Harare, aphatikize mabuku awo a mvula, kuti akapita kumeneko akalankhule mawu amodzi: mvula yathu ikuchepa, umboni ndi uwu, tithandizane.

"Munthu sapita kumlandu chimanjamanja," anatero a Makaiko. "Ndipo m'dziko muno mulibe buku loposa lako. Zaka khumi ndi zinayi, opanda tsiku lodumpha! Ndikaliika pamwamba pa onse."

A Lackson anaimirira, anakhala, anaimiriranso. Anakulunga mabuku awo a mvula m'nsalu yanga yatsopano osandipempha. Land Rover itapita anazungulira nyumba kawiri.

"Mwamva, amayi a Eliza? Dzanja langa likawerengedwa ku Harare! Mwina ndi ku Ulaya komwe!"

"Mabuku onse?" ndinafunsa. "Ndi a zaka zitatu zapitazi?"

"Makamaka amenewo!"

Tsiku limenelo ndiwo ndinathira mchere kawiri.

5

Land Rover inabweranso mu Okutobala. Ulendo uno a Makaiko anakana mpando.

"Lackson, wandivula pagulu."

"Bwana?"

"Pagulu la mayiko! Tinali titagwirizana bwinobwino. Aliyense waika manambala ake patebulo, onse akuloza pansi, mvula ikuchepa. Ine ndaimirira, ndatamanda buku la Domasi mpaka kuombera m'manja. Ndiye waimirira katswiri wina wa ku mayiko olemera amene anabwera kudzamvetsera, wavula magalasi, akuti, 'Pepani, buku lanu labwino kopambanali likusonyeza kuti mvula yawonjezeka kwambiri zaka zitatu zapitazi. Ngati labwino likutero, enawa tiwakhulupirire bwanji?'"

"Koma bwana, ndi zimene ndinapeza..."

"Ukudziwa chimene chinachitika? Wa dziko lina anati Amalawi tabwera kudzawononga mlandu. Wina anati tichotse Domasi mwakachetechete. Wina anati tikachotsa ndiye kuti tonse ndife akuba. Wina anatuluka kukasuta fodya osabwereranso. Masiku awiri, Lackson! Mayiko asanu ndi anayi kukangana za kuseri kwa nyumba yako!"

Pomaliza anagwirizana chinthu chimodzi chokha: atumize anthu awiri, wina wa kuno wina wa ku Ulaya, adzaone geji ya Domasi ndi maso awo.

A Makaiko anatsitsa mawu. "Akapeza kuti unkalemba za m'mutu uli pabedi, ntchito yatha. Nyumba ino utuluka. Ndipo dzina lako lidzalembedwa m'lipoti limene lidzawerengedwe m'mayiko onsewo."

Atapita, a Lackson anakhala pakhonde osavula chipewa. Sanadye.

"Iness," anatero pambuyo pake, "kodi ndayamba misala? Ndinkaona ndi maso anga. Madzi anali m'galasi."

Ndinadziuza kuti azungu sangapeze kanthu, madzi ndi madzi, alibe dzina.

6

Anafika mu Novembala, kukutentha koti ngakhale abuluzi ankafuna mthunzi. Woyamba anali mzungu wamtali wa ku Holland, a Tobias, wofiira ngati phwetekere, amene ankapukuta thukuta ndi chipewa. Wachiwiri anali mayi wa ku Zimbabwe, Mayi Marufu, wa magalasi ndi nsapato zafulati. Ndinadabwa atandipatsa moni m'Chichewa.

"Bambo anga anali a ku Machinga," anatero. "Anapita ku Harare kukagwira ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi, anakhalako zaka makumi anayi."

A Tobias anayeza geji mbali zonse. Anaithira madzi kuti aone ngati ikudontha. Anayeza kutalika kwa mtengo wa mango, anakwera padenga kuona ngati madzi a malata angagwere m'kampanda. Anapeza zonse zili bwino, ndipo nkhope ya a Makaiko inkaipiraipira.

Kenako Mayi Marufu anafunsa ngati pali buku lina. A Lackson anatulutsa lobiriwira lija, la mtsinje, limene silinapite ku Harare. Alendo awiriwo anayala mabuku patebulo pansi pa mango, wina akuwerenga la mvula, wina la mtsinje, a Makaiko akumasulira.

"Akuti pali masiku 34," anatero a Makaiko, "amene mvula inapitirira 25 koma mtsinje sunakwere ngakhale chala chimodzi. Akuti masiku onsewo ndi Loweruka."

"Loweruka?" anatero a Lackson.

"Akuti akayerekeza ndi geji ya ku Zomba ndi ina ya kumunsi, tsiku lililonse mwa masiku amenewo lili ndi mamilimita owonjezera ofanana. Pafupifupi 26. Akuti mitambo siidziwa kalendala, Lackson, ndipo siidziwa kuyeza."

A Tobias analoza pena m'buku, nafunsa kanthu akukwinya nkhope.

"Akufunsa kuti tsamba la tiyi ndi chiyani."

"Mphepo ya ku Mulanje, bwana," anayankha a Lackson, koma mawu awo analibenso mphamvu ya mwera.

Ine ndinalowa m'khitchini. Posakhalitsa chitseko chinada, Mayi Marufu ataima pamenepo.

"Mayi, tipatseniko madzi akumwa."

Ndinatunga mumtsuko ndi kapu yanga yachitsulo, yoyera ya mkombero wabuluu, yomwe ndimamwera tiyi m'mawa uliwonse. Anamwa pang'onopang'ono. Atamaliza sanandibwezere. Anaitembenuza, anayang'ana m'kati, anaiyeza m'dzanja.

"Kapu yabwino," anatero. "Geji ngati ija, kuti ikwere mamilimita 26, imafuna madzi okwana kapu ngati iyi."

"Makapu otere ali m'nyumba iliyonse."

"Zoona." Anakhala pa mtondo ngati kwawo. "Amuna anu amapita kuti Loweruka kukakhala kopanda mvula?"

Ndinayamba kusonkhezera moto.

"Anga ankapita ku mpira," anatero. "Mpira wake unali ndi ndolo. Mverani, mayi, ine sindinena kanthu, ndilibe umboni. Koma lipoti tilemba lero. Mmene zililimu, tilemba kuti woyeza ankawonjezera manambala. A Makaiko abweretsa kale kalata yowachotsa ntchito, ili m'thumba la jekete."

Anaika kapu pansi, natuluka.

Ndinasuzumira pawindo. A Lackson anali ataimirira pamaso pa anthu atatu aja, chipewa chili m'manja, ngati mwana wa sukulu wogwidwa ndi mango. A Makaiko anali akutulutsa envulopu.

7

Ndinamanga chitenje bwinobwino. Ndinadzaza kapu ija mpaka pamkombero, monga mwa masiku onse, ndinayenda nayo osataya dontho. Ndinadutsa patebulo, ndinalowa m'kampanda, ndinakhuthulira m'geji.

"A Lackson," ndinatero, "kayezeni mvula."

A Lackson anayenda ngati munthu wolota, anakhuthulira madzi m'galasi, analikweza kumaso.

"Twente sikisi," ananong'ona.

"Ndinali ine," ndinatero, ndikuyang'ana a Makaiko m'maso, chifukwa ukaba mbuzi usabwere nayo ukukwawa. "Loweruka lililonse limene kunawaza Lachisanu. M'mawa ndikamasesa, iwo akusamba. Kiyi amakhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Kapu imodzi, yodzaza. Bambowa sanalembepo bodza. Analemba zimene anapeza."

"Chifukwa chiyani, mayi?" anafuula a Makaiko.

"Kuti akhale kumtsinje. Asapite ku Songani."

"Ku Songani kuli chiyani?"

"Mabatire," ndinatero.

Mayi Marufu anatembenukira kumtengo wa mango, mapewa akugwedezeka. A Tobias ankayang'ana uku ndi uku akufunsa kuti chachitika n'chiyani. Atawamasulira, anakhala pansi pafumbi, anaseka mpaka kutsokomola, kenako anandifunsa funso kudzera mwa Mayi Marufu, nkhope ili yozama ngati dokotala.

"Akufunsa ngati inali kapu yomweyi masiku onse."

"Yomweyi."

"Yodzaza chimodzimodzi?"

"Auzeni kuti ine sindichita zinthu mwatheka."

Anandiuza ndithire kasanu. Kasanu konse galasi linati 26. A Tobias anandigwira chanza ndi manja awiri. Akuti m'mayiko onse amene anayendamo sanaonepo munthu wowononga manambala mwadongosolo chotere.

Ndiye anatenga pensulo. Buku la mtsinje, limene a Lackson analemba moona ali kulumidwa ndi udzudzu, linawauza masiku ake. Kapu yanga inawauza zochotsa. Atachotsa 26 pa Loweruka 34 aja, mvula ya Domasi inatsika n'kukhala pamzere umodzi ndi ya anzathu onse, yochepa chaka ndi chaka monga momwe zitsime zathu zinkanenera kale.

"Mlandu wa mayiko wadzuka," anatero Mayi Marufu. "Ndipo buku ili ndi labwinodi. Munthu wina akanaona mtsinje sukukwera akanaukweza ndi pensulo kuti zigwirizane."

A Makaiko anabweza envulopu m'thumba pang'onopang'ono. Nkhawa yawo inali ina tsopano. "Nanga m'lipoti tilemba chiyani? Sindingakaime pamaso pa mayiko n'kunena za... za mabatire."

Anakambirana theka la ola, dziko la Malawi, la Zimbabwe ndi la Holland, pansi pa mango wanga. Anagwirizana mawu akuti: madzi a pakhomo analowa m'geji, vutolo lapezeka ndipo lakonzedwa. Ndikuuzeni, umenewo ndi mgwirizano wa mayiko wofulumira kuposa yonse imene ndinamvapo. Kapu alendowo anainyamula, akuti ndi umboni.

Land Rover itazimiririka m'fumbi, a Lackson anatembenukira kwa ine. Ndinakonzeka kumva za kwa ankhoswe, kapena za kunyamula katundu.

"Iness," anatero. "Madzi a pachitsime? M'geji?"

"Inde."

"Osati ngakhale a mvula a mumgolo?"

"Tsiku lina anali otsukira kapu."

Anagwira mutu. "Tsamba la tiyi lija ndinauza anthu kutchalitchi."

8

Anakhala masabata awiri osandilankhula. Ntchito inapulumuka, nyumba inapulumuka, analandira kalata yochenjeza yokha, ndipo kiyi wa kampanda anayamba kumuvala m'khosi ngati mtanda, ngakhale posamba.

Nkhani inafika mpaka ku Naisi, kufupi ndi Zomba, ine ndisanafike kuchigayo. Mpaka lero mvula ikadula mu Januwale, amayi amandikuwira pamsewu, "Mayi a Eliza, chimanga chikufota, tathirani kapu imodzi!" Abusa analalikira za miyeso yachinyengo milungu iwiri yotsatizana osandiyang'ana, zomwe zinali zoipa kuposa kundiyang'ana.

Ndinaona kuti poti manyazi ndadya kale, ndikamalize mbale yonse. Ndinapita ku Songani, ndinalowa m'tiyirumu, ndinakhala pampando wa pakona uja.

Saida anabwera ndi tiyi ndisanaitanitse. Anakhala moyang'anana nane.

"Ndinu mayi a mvula," anatero.

"Ndine. Ndabwera kudzafunsa chimene amuna anga ankafuna kuno."

"Wailesi iyo," analoza pashelefu. "Imagwira za kunja. Amamvera za nyengo ya mayiko ena, kenako amandimasulira. Mitambo ya mtundu uwu, mitambo ya mtundu uwo. Mphepo ya ku Mozambique. Maola atatu, kapu imodzi, mpando wa makasitomala anayi."

"Ndinakuonani mutagwira tsaya mukuwayang'ana."

"Mayi, ndinkagona! Ndinaphunzira kugona maso ali otsegula." Anawerama pafupi. "Loweruka limene sankabwera ndinkathokoza Mulungu, osadziwa kuti wondithandiza ndi inu. Mukanandiuza, ndikanakubwerekani ndowa."

Tinaseka mpaka anthu kusuzumira pawindo. Mandasi a tsiku limenelo anandipatsa ulere.

Kunyumba ndinapeza a Lackson akupukuta galasi.

"Ndachokera kwa Saida," ndinatero.

Galasi linatsala pang'ono kugwa.

"Bwanji simunkandiuza ine za mitambo yanuyo?"

Anaika galasi pansi. Anali mawu awo oyamba m'masabata awiri. "Ndinkakuuzani. Mumati 'ndamva' ndisanayambe."



Sindikunena kuti mtima wa bamboyo unali woyera ngati mpango wa galasi lawo. Munthu sapaka mafuta m'tsitsi chifukwa cha wailesi. Koma chimene chinali m'mutu mwawo chinathera m'mutu momwemo, ndipo Saida anali m'tulo.

Chilango changa ndikuchilandirabe. Loweruka lililonse, mvula kaya dzuwa, ndimakhala pakhonde ndi tiyi, a Lackson n'kuyamba. Tsopano ndikudziwa mitambo ya mitundu khumi. Ndikudziwa kuti mayiko aja anakafikadi ku Ulaya ndi mawu amodzi, kuti olemera anamvetsera mwaulemu, anagwedeza mitu, n'kupangana kuti adzakumanenso. A Lackson akuti zinthu zazikulu zimayenda choncho. Ine ndimati ngakhale ankhoswe a kwathu amafulumirako.

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga, sindikupemphani kuti mundimvere chisoni, ndipo misozi ndilibe. Ndinkaganiza kuti kuseri kwa nyumba yanga ndi kuseri kwa nyumba yanga, kuti kapu imodzi ya madzi ndi nkhani ya ine ndi amuna anga. Sindinkadziwa kuti thambo ndi limodzi, ndipo kuti chimene wathira mwakachetechete kwanu chimakatuluka patebulo la anthu ena. A mafakitale a utsi aja ayenera kuti ankaganizanso chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinanyamula kapu yanga pamaso pa anthu n'kunena kuti ndinali ine, ndipo ndinathira yochuluka chonchi. Sizinandiphe. Iwowo tikuwadikirabe.

Ngati mwamuna wanu wayamba kugula mabatire sabata iliyonse, mufunseni mafunso mpaka atuluke thukuta, kapena pitani mukamwe tiyi ndi mayiyo. Zida za ntchito yake zisiyeni.

Ndipo ngati wina wa inu ali ndi ulendo wa ku Harare, a Makaiko akuti kapu yanga ili pashelefu mu ofesi ina kumeneko, ataimata kapepala ka nambala. Ndi yoyera, ya mkombero wabuluu, yobenthuka pang'ono pafupi ndi chogwirira. Mukawauze kuti mayiko akamaliza kugwirizana andibwezere. Ndikuona kuti ndiyamba ndagula ina.